Ndinadumpha Makina a Amalume

Kabokosiko kanali kachikasu, kophwanyika ngodya imodzi, ndipo amalume anakaika pamwamba pa kabati ya amayi ngati satifiketi ya sukulu. M'menemo ndi momwe munabwera tcheni chatsopano cha makina awo ochekera mitengo. M'mbali mwake munali manambala atatu olembedwa ndi inki yakuda. Ine ndinkawawerenga m'mawa uliwonse ndikamasesa, mpaka ndinawaloweza ngati vesi la ku Sande sukulu, koma osadziwa kuti akunena chiyani. Amalume sanawawerengepo n'kamodzi komwe. Iwo chinawakomera pa kabokosiko chinali mtundu wake.

Ndinali ndi zaka khumi, ndili Sitandade 5. Tinkakhala kwa Chigaru, ulendo wa ola limodzi wapansi kuchokera pa Lirangwe. Bambo anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo pakhomo tinatsala awiri, ine ndi amayi. Munda womwe tinkalima, malo omwe nyumba yathu inaimapo, ngakhale mtengo wa mango wakuseri, zonse zinali pansi pa mawu a amalume, achimwene awo aakulu a amayi, eni mbumba. Chaka chimenecho anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni. Anabwera ndi zinthu ziwiri: jekete lachikopa lomwe ankavala ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndi makina akale ochekera mitengo. Ankauza anthu kuti kumeneko ankayang'anira gulu la ocheka m'nkhalango ya paini. Patapita zaka ndinamva kwa munthu amene ankagona nawo chipinda chimodzi kuti ankatsuka magalimoto. Kutsuka magalimoto si ntchito yochititsa manyazi. Manyazi anali pa bodzalo, ndipo bodzalo ndi lomwe linadzandigwera ine.

Mvula ya chaka chapitacho inali itasasula denga la kalasi yathu, moti tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa kesha, bolodi atalitsamiritsa pa thunthu. Malata atsopano analipo, ataunjikidwa mu ofesi. Chosowa chinali mitengo yokhomerapo. Kuseri kwa tchalitchi kunali mabulugamu asanu ndi awiri aatali, ndipo aphunzitsi athu, omwe analinso mkulu wa mpingo, anapereka ntchito yowagwetsa ndi kuwacheka kwa amalume. Anagwirizana kuti denga likhale litakhomedwa mvula isanagwe. Tcheni chomwe chinabwera ndi makinawo chinali chitatha mano, choncho amalume anapita pa msika wa Lirangwe n'kugula china kwa munthu woyala katundu pansi, pakati pa maloko ndi mabatire a tochi. Anasankha chachitali kuposa zonse. Kwa iwo chinthu chachikulu chinali chinthu chabwino.

Madzulo a tsiku lomwe anagula tchenicho, dzuwa lisanalowe, makinawo anali atagonekedwa pakati pa kanjira kochokera kuchitsime kupita kukhitchini kwathu. Ine ndinabwera ndi ndowa yodzaza pamutu, khosi likunjenjemera. Kuzungulira kukanandidutsitsa pa mulu wa njerwa. Ndinangotambasula mwendo n'kudumpha. Amalume anali pakhonde, akusenda nzimbe. Anandiona, n'kupitiriza kusenda.

M'mawa mwake sukulu yonse inasonkhana kuseri kwa tchalitchi. Kunabweranso amuna a m'mudzi, aja osowa chochita nthawi ya chilimwe, manja kumbuyo. Ndikukumbukira fungo la petulo wosakaniza ndi oyilo, nyenje zikulira m'mitengo, ndi thukuta likutsika m'makutu mwa amalume chifukwa cha jekete lija. Anakoka chingwe kanayi, injini inalira, utsi wabuluu unatikuta, ife tinaomba m'manja. Atangokhudzitsa makinawo pa khungwa, kunamveka phokoso ngati munthu akukhuthula misomali m'beseni, ndipo tcheni chinavuka n'kulendewera pansi ngati matumbo a mbuzi. Anachibwezera. Chinavukanso. Kachitatu chinavuka asanafike n'komwe pamtengo.

Anthu anayamba kuseka chamumtima, kuseka kwa mapewa. Amalume anaimirira, anapukuta manja pa thalauza, maso awo anayenda pa mizere ya ana mpaka anandipeza.

"Mwana uyu anadumpha makinawa dzulo," anatero. "Ndinamuona ndi maso angawa. Chida cha mwamuna sichidumphidwa ndi mkazi."

Kuseka kuja kunatheratu. Amuna aja anagwedeza mitu, aliyense akukumbukira nkhwangwa ya agogo ake yomwe inaguluka mpini pa chifukwa chomwecho. Ndawaonapo amuna otere malo ambiri kuchokera nthawi imeneyo. Sadziwa kanthu za chinthu chomwe chawonongeka, koma ukangowapatsa munthu womuloza chala, onse amasanduka akatswiri. Ndinayang'ana aphunzitsi. Anali munthu amene sabata yomweyo anatiphunzitsa kuti mphezi si mfiti koma magetsi a m'mitambo, ndipo anatikwapula ife amene tinalemba zina. Anayang'ana wotchi yawo n'kutiuza kuti tibwerere m'kalasi.

Lero ndimakonza makina oterewa pa Chileka, ndipo nditha kukuuzani chomwe chinkachitika popanda kuwatsegula. Tcheni chimayenda pa chitsulo chachitali chomwe ocheka amati baa, ndipo m'mphepete mwa chitsulocho muli kangalande momwe mumalowa timiyendo ta tchenicho. Kumbuyo, pafupi ndi injini, kuli kagudumu ka mano kotchedwa sipuroketi, komwe kamakoka timiyendoto. Zinthu zitatuzi ziyenera kukhala za banja limodzi. Timiyendo tikatalikirana kuposa mano a sipuroketi, timakwera pamwamba pa mano m'malo molowa pakati, ndipo tcheni chimavuka. Mwana wa chaka choyamba ku sukulu ya ntchito zamanja amadziwa zimenezi asanadye nkhomaliro. Amalume anali ndi masabata asanu, ndipo anawathera motere.

Poyamba anati tchenicho chakhwefuka, n'kumanga kasikuluwu kokokera mpaka kanafika pamapeto, tcheni chikadali cholendewera. Ndiye anachitengera kwa wokonza njinga pa Lirangwe, yemwe anachotsa mfundo zinayi n'kulumikiza ndi msomali wofupikitsa. Chinasiya kulendewera, koma sichinasiye kuvuka. Kenako anaona kuti chikugwedera m'kangalande kaja, pakuti timiyendo take tinali topyapyala kuposa mpatawo. Anagoneka baa pamwala wonolera n'kuimenya ndi hamala mbali zonse kuti mpata uchepe. Phokoso la hamalayo linkafika mpaka kudimba. Atayesanso, tcheni chinkagwira pena n'kumasuka pena, chitsulo chinatentha mpaka chinachita buluu, ndipo pabwalo ponse panamveka fungo la oyilo wopserera. Kulephera kulikonse kunkabwerera kwa ine. "Mwaona zomwe anachita mwanayu?"

Loweruka lina anandiitana pabwalo pawo, pamaso pa amuna asanu, kuti ndidumphe makinawo chobwerera m'mbuyo katatu, kuti ndimasule chomwe ndinamanga. Anawawaza madzi a mizu ina yonunkha ngati nthenga za nkhuku zopsa. Ndinadumpha, diresi nditaligwira m'mawondo, maso a anthu akuluakulu ali pa miyendo yanga. Kachitatu chidendene chinakola pa mano a tcheni, ndipo chipsera chake ndili nacho mpaka pano. Amayi anaima patali, pafupi ndi nkhokwe, manja atawapinda pachifuwa. Ndinawada tsiku limenelo chifukwa choima chabe.

Choipa kwambiri chinali chakuti ineyo ndinakhulupirira. Ndinkayang'ana miyendo yanga posamba, ndikudabwa kuti muli chiyani m'menemo chotha kuwononga chitsulo cha ku Joni. Ndinasiya kudumpha chilichonse: khasu, tsache, ngakhale chingwe cha fulaye pamasewera. Kusukulu anzanga ankakweza zikwama zawo ndikamadutsa. Mitambo itayamba kusonkhana chakumadzulo masana aliwonse, nafenso tikadali pansi pa kesha, ana a Sitandade 5 anadziwa woti amukwiyire. Tsiku lina kunawaza mvula pang'ono, choko chinasungunuka pabolodi, ndipo mtsikana wokhala pambali panga anati, "Ndiwe watinyowetsa." Ndinapita kwa aphunzitsi pa nthawi yopuma kukafunsa ngati n'zoona kuti mwendo wa munthu ungawononge makina. Ankadya chinangwa chophika. Anatafuna nthawi yaitali, kenako anati, "Za kwanu ndi amalume ako ife sitilowererapo." Sayansi yawo inkathera pa mpanda wa sukulu, ndipo tsiku limenelo inathera pa mpando wawo womwewo.

Sabata lachisanu tcheni chinaduka pa msomali uja wa wokonza njinga. Chinakwapula amalume pa msongolo, n'kung'amba thalauza ndi mnofu womwe. Anawanyamula pa njinga kupita kuchipatala, komwe anawasoka. Pobwera, nkhani inali itakula. Sikunalinso kudumpha chabe. Mwana wamba, iwo anati, sangachite zotere. Mwanayu pali amene akumuphunzitsa. Kwathu mawu amenewo aliyense amadziwa komwe amalowera, ndipo mkazi wamasiye ndiye amakhala pafupi kwambiri ndi mapeto ake. Anaitanitsa amayi ali gone pamphasa, mwendo uli pa mtsamiro, n'kugamula kuti ndichoke pamudzi. Kunali wachibale wina kutsidya la Shire amene ankafuna mwana womulerera makanda. Za sukulu anati ndaphunzira zokwanira kuwerenga kalata.

Amayi anayankha kuti, "Ndamva, achimwene."

M'mawa mwake, amalume akadali chigonere kunyumba kwawo, amayi analowa m'kachisakasa momwe munkasungidwa makinawo. Anawakulunga m'thumba la feteleza pamodzi ndi tcheni chodukacho, n'kuwasenza pamutu. Anandiuza kuti ndivale yunifolomu. Tinayenda mpaka pa Lirangwe, petulo akudontha pang'onopang'ono pa mpango wawo. Kondakitala wa minibasi anadandaula za fungo, amayi anangoyang'ana pawindo. Tinatsika pa Kameza n'kukwera ina ya ku Chileka. Kunali koyamba kuti ndione ndege ili pafupi, mimba yake yoyera ikudutsa pamwamba pa nyumba za anthu, koma sindinaisangalalire. Ndinkaganiza kuti akukandisiya kwinakwake.

Kumene tinapita kunali kashedi ka malata kuseri kwa magolosale, kodzaza majenereta ndi mapampu othirira. Mwini wake anali bambo wachisilamu wa ndevu zotuwa, wovala kofia yoyera yomwe, mosadziwika bwino, inalibe dontho la oyilo. Bambo anga ali moyo ankakonzetsa pampu yawo kumeneko, n'chifukwa chake amayi ankawadziwa. Bamboyo anamasula thumba lija, anachotsa manati awiri ndi chivundikiro, anatenga baa n'kuiyang'ana m'litali mwake diso limodzi atatsinzina, monga amachitira mmisiri ndi thabwa.

"Anamenya ndi hamala ndani?"

"Eni ake," anatero amayi.

Bamboyo anangotulutsa mpweya m'mphuno, ndipo pa moyo wanga sindinamvepo munthu akunyozedwa mokwanira chotero. Anafunsa ngati kabokosi ka tcheni tinabwera nako. Amayi anati ayi. Ine ndinanena chapansipansi kuti manambala ake ndikuwadziwa, n'kuwatchula onse atatu. Anandiyang'ana koyamba. Anapukuta tsinde la baa ndi kansanza, ndipo panaoneka manambala ena atatu odindidwa m'chitsulo.

"Werenga apa, mwana iwe. Likufanana ndi liti?"

Palibe ngakhale limodzi lomwe linkafanana.

Anandipatsa tchenicho m'manja kuti ndichiyale ndekha pa sipuroketi. Kamwendo koyamba kanalowa bwino pakati pa mano. Kachiwiri kanakhala pang'ono pambali. Kachitatu kanakwera pamwamba penipeni pa dzino. Anati ndizungulitse ndi chala, ndipo tcheni chinanyamuka chokha n'kugwera patebulo. Ndinabwereza kanayi. Nthawi zonse chinkagwa pa kamwendo kachitatu.

"Ichi n'cha makina aakulu, si cha awa," anauza amayi. "Chikanavuka ngakhale m'manja mwa amene anachipanga. Ndipo chadya mano a sipuroketi, taonani mikwingwirimayi. Mukaika tcheni chabwino pa sipuroketi yotere, sabata imodzi chathanso."

Apa amayi anafotokoza, mwachidule, osatchula za ufiti, kuti kwathu akuti mwanayu anadumpha makinawa. Bamboyo anali atayamba kale kutsegula kangalande ka baa ndi kachitsulo kopyapyala. Sanadzutse mutu. "Chitsulo sichidziwa kuti wadutsa ndani, mayi," anatero.

Ntchito inatenga mpaka dzuwa kupendeka. Anawongola milomo ya baa ndi tupa, anatokosa kabowo ka oyilo komwe kanali katatsekeka ndi utuchi, anasintha sipuroketi, anatsitsa tcheni china pa msomali n'kuwerenga timiyendo take mokweza. Pomanga anakweza nsonga ya baa ndi dzanja lamanzere, n'kumakoka tcheni mpaka chinagona bwino koma chikuyendabe ndi zala ziwiri. Pakati pa ntchitoyo anatisiya n'kupita kukaswali, ife tinadya mandasi titakhala pa tayala. Atabwera anagoneka makinawo pansi, pafupi ndi chipika cha mango chomwe ankayeserapo.

Amayi anati, "Dumpha."

Sindinathe. Ndinali nditaona ndi maso anga, ndinali nditagwira ndi zala zanga, koma miyendo inakana. Ndinayamba kulira pamaso pa anthu odikira majenereta awo. Bamboyo anati andisiye. Pamenepo amayi anakwinya chitenje chawo mpaka m'mawondo, anadumpha makinawo, anatembenuka, anadumphanso. Anali asanasekepo chimwalirire bambo, ndipo apanso sanaseke. Bamboyo anakoka chingwe kamodzi. Makina analowa m'chipikacho ngati mpeni m'papaya, utuchi wonyowa unandithira m'mapazi, ndipo kagawo kozungulira kanagwa n'kugubuduka mpaka pamsewu.

M'minibasi pobwerera ndinkakonza m'mutu momwe zikakhalire. Amayi akaitana amuna asanu aja. Ine ndikayala tcheni chakale pa sipuroketi yakale, zomwe bamboyo anatipatsa m'kapepala, ndipo onse akaona kamwendo kachitatu. Aphunzitsi akanena pa asembule. Amalume ndinkalephera kuwaganizira akupepesa, koma ndinkaganiza kuti mwina akangokhala chete, ndipo zimenezo zikanandikwanira.

Tinafika dzuwa likulowa. Amalume anali pakhonde, ndodo pambali, nkhope itatupa ndi mkwiyo. Amayi anatula makinawo patsogolo pawo, anagwada, n'kunena kuti, "Pepani achimwene, ndinatenga chida chanu osapempha. Ndinangoti akachipukute, poti inu mwendo ukuvuta." Kapepala ka tcheni chakale kanatsala m'chikwama chawo, ndipo sindinakaonenso. Amalume anakalipa kwa kanthawi za akazi osamva. Kenako anaona tcheni chatsopanocho, anachikoka ndi chala, chinayenda. Ndinaona maso awo akuwerenga zonse zomwe zinachitika. Munthu uja sanali chitsiru chotheratu, ndipo chimenechi ndi chomwe sindinawakhululukire. Anadziwa pomwepo, ndipo anasankha.

Patapita masiku anayi anagwetsa mabulugamu onse asanu ndi awiri akutsimphina, jekete lili pathupi. Anauza anthu kuti mizu ija inachedwa kugwira ntchito chifukwa chomwe chinamangidwacho chinali champhamvu, koma iwo anachigonjetsa. Amuna aja anagwedezanso mitu, mitu yomweyo. Za kutsidya la Shire sizinatchulidwenso. Munthu amene wapambana safunikanso wolakwa pafupi. Denga linakhomedwa kutatsala masiku awiri kuti mvula yeniyeni igwe. Pa asembule aphunzitsi anayamika amalume chifukwa cha luso lomwe anabwera nalo kuchokera kunja, ndipo anatiuza kuti tiwaombere m'manja katatu. Ndinaomba nawo. Dzina lakuti Wodumpha linanditsatira mpaka Sitandade 8.

Tsiku la asembuleyo nditaweruka ndinapeza amayi kumunda akubzala, chitini cha mbewu chili m'manja. Ndinawafunsa chifukwa chomwe sananenere zoona, pomwe anali nazo m'chikwama. Ndinalankhula mwamwano, mawu omwe mwana sayenera kuuza mayi ake. Ndinati anandigulitsa chifukwa choopa achimwene awo. Iwo anaponya mbewu zitatu m'phando, anakwirira ndi phazi, anasuntha.

"Mawa ukupita kusukulu?"

"Eya."

"Tigona m'nyumba mwathu?"

"Eya."

"Tenga chitini icho, uyambire mzere uwo."

Ndinabzala mzerewo ndikulira ndi ukali, mbewu zina ndikuziponya dala kunja kwa phando. Ndinkaona ngati tinapita ku Chileka kukatenga umboni, ndipo amayi anautaya panjira chifukwa cha mantha. Pa zaka khumi sindikanadziwa kuti mwamuna ngati amalume ukamuchititsa manyazi pagulu amakuthamangitsa ngakhale makina akucheka, ndiponso kuti amayi anali atayeza zonsezi asanasenze thumba lija. Iwo sanapite kukatsuka dzina langa kwa anthu amene maganizo awo sankawawerengera n'komwe. Umboni uja unali wa munthu mmodzi yekha, ndipo anaonetsetsa kuti munthuyo waugwira ndi zala zake, kanayi.